Masabata 6 ndikulera ana a eni ake mu hositelo ku Indiana

Tsiku limene anawo ankafika ndinaima pakhomo la hositelo ndi kabuku ka mayina m'manja, chingwe cha makiyi chili m'khosi, thukuta lili kamukamu, ndikungoyang'ana magalimoto akutsitsa katundu. Wina fani, wina kafiriji kakang'ono, wina mapilo atatu (atatu amwene, mutu umodzi), wina chikatoni cha tchipisi ndi zakumwa ngati akukatsegula okala. Ine m'mutu mwanga munangobwera thiranki yanga yachitsulo ija imene ndinapita nayo ku Fomu 1, ya buluu, yolembedwa dzina langa ndi penti yoyera, mkati muli bulangete limodzi, mbale, kapu, sopo wa mtanda, shuga ndi botolo la chiponde, pambali ndowa ndi chikwakwa chifukwa kalata ya sukulu inanena kuti wobwera opanda chikwakwa abwerere. Mayi anandiperekeza mpaka pa siteji basi, nkundiuza kuti ndalama akusokerera mkati mwa kabudula, usavule pamaso pa anthu. Ndinali ndi zaka 13. Ndiye poona anyamata a zaka 16 ndevu zitayamba kale kumera akukumbatiridwa ndi amayi awo mpaka misozi, chonsecho kwawo ndi ulendo wa ola limodzi pagalimoto, sindinama, mumtima ndinaseka. Ndimvekere awa ndiye sanaone mavuto.

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa cha umphawi, tisanamizane. Inali 2019, ndikuchita masitazi pa yunivesite ina ku Indiana, ndipo amene munakhalapo pa viza ya ophunzira ija ya F-1 mukudziwa kuti sukulu ikakhala yotsegula umaloledwa kugwira ntchito ya pa kampasi maola 20 okha pa sabata, koma pa holide yaikulu umatha kugwira tsiku lathunthu. Ya ndege yobwerera kumudzi ndinalibe. Ndiye nditaona kuti akufuna anthu ogona ndi ana mu hositelo, chipinda chaulere, chakudya katatu chaulere, kuwonjezera apo kamalipiro, sindinafunsenso kuti ana ake ndi otani. June wa kumeneko musamuyerekeze ndi wathu wa chiperoni ndi majuzi uja. Kumatentha konyowa, mpweya ngati uli m'bafa mwa munthu amene wangosamba kumene madzi otentha, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku moti kuuza mwana kuti nthawi yolowa m'nyumba yakwana kunja kuli mbee zimakhala ngati ukumunamiza.

Pulogalamu yake inali Upward Bound. Ndi ya boma la America, inayamba m'zaka za m'ma 1960 nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson pamene ankati akumenya nkhondo yolimbana ndi umphawi, ndipo ili m'gulu la mapulogalamu amene amawatchula kuti TRIO. Amatenga ana a sekondale ochokera m'mabanja osowa, kapena amene makolo awo sanafikepo pa digiri, nkumawathandiza chaka chonse, kenako nyengo yotentha ikafika amawagoneka pa kampasi masabata 6 kuti alawe moyo wa ku koleji. M'mawa masamu, sayansi, kulemba ndi chinenero china, masana kukonzekera mayeso olowera ku koleji a SAT ndi ACT, kuphunzira kudzaza FAFSA imene ndi fomu yopemphera thandizo la fizi, madzulo pulepu. Salipira kanthu, iwowo ndi amene amalandira kandalama kochepa. Ganizo lake nlosavuta kumva: mwana amene kwawo kulibe amene analowapo pa geti ya yunivesite amaopa malowo asanawaone nkomwe, ndiye muzolowereni akadali wamng'ono.

Asanafike tinakhala sabata yathunthu tikuphunzitsidwa, ndipo apa mpamene ndinadziwa kuti uprifekiti umene ndinaudziwa ine sugwira kuno. Usakhale wekha ndi mwana m'chipinda chotseka, chitseko chizikhala chotsegula kapena pakhale munthu wachitatu. Usamukweze pagalimoto yako. Usamulembere pa foni yako ya iwe mwini. Akakuuza kuti kunyumba amamenyedwa kapena kuchitidwa zachipongwe, ulibe ufulu wosunga chinsinsi, lamulo la Indiana limakukakamiza kukanena. Kupereka chibalo cha kutchetcha kapena kukumba dzenje, iwalani, mungathere ku polisi. Kenako anatigawira kapepala ka ana amene matupi awo sagwirizana ndi zakudya zina, nkutiphunzitsa kubaya jakisoni wa EpiPen pantchafu mwana akayamba kubanika, ndipo pa nsanjika yanga panali mmodzi amene mtedza ukhoza kumupha. Mtedza! Chiponde chimene chinandisunga ndi moyo zaka zinayi za sekondale, chimene tinkapaka pa chilichonse mpaka kuthira m'phala ndi mu nyemba za anankafumbwe zija, kuno chinali ngati tameki. Botolo langa ndinakalisungitsa kwa mnzanga kunja kwa kampasi ngati chamba.

Zipinda zake anthu awiriawiri. Mabedi awiri aatali pang'ono kuposa a masiku onse, amene amawatcha Twin XL, moti amayi ambiri anabweretsa mashiti osakwana nkumalimbana nawo pamakona, madesiki awiri, mawadirobu awiri, zenera limodzi, bafa ndi zimbudzi kumapeto kwa khonde. Usiku woyamba aliyense ndi mnzake wa m'chipinda ankayenera kudzaza fomu ya mgwirizano: magetsi tizizimitsa nthawi yanji, kodi ungabwereke chaja changa osapempha, nyimbo zizilira mpaka liti, zinyalala azitaya ndani. Ine ndikugawa mafomuwo ndinkadziluma mlomo. Kwathu tinkagona anthu oposa 30 mu holo imodzi pa mabedi osanjikiza ndipo mgwirizano unali umodzi wokha, zimene wanena wa Fomu 4 ndi zomwezo. Akati ukamutungire madzi osamba 4 koloko m'mawa umapita. Akati shuga wako ndi wa tonse, ndi wa tonse. Koma mpaka lero ndimavomereza kuti kafomu kaja kanandipulumutsa kangapo, chifukwa anyamata awiri akayambana za fani, wina akufuna izungulire usiku onse wina akuti ikumupatsa chimfine, ndinkangotulutsa pepala nkuti ichi unasaina ndi iweyo kapena ndi agogo ako?

Ku kafeteriya ndiye kunali sewero. Umangolowetsa khadi kamodzi nkudya mmene ungathere, pitsa, nkhuku, mabega, makina a ayisikilimu ongodzithirira wekha. Sabata yoyamba ana anga ankadya ngati mawa kulibe, wina anadya ayisikilimu m'mawa, masana ndi madzulo masiku anayi otsatizana mpaka m'mimba munamuyankha. Koma chimene sindinachiyembekezere ndi ichi. Pa kampasi yomweyo panalinso ana a mapulogalamu ena, aja olipira, amene makolo awo amatulutsa madola masauzande kuti mwana akakhale masabata awiri akulawa za udokotala kapena za uinjiniya, komanso ena a makampu a mpira ndi kusambira. Gulu lililonse linali ndi mtundu wakewake wa chingwe cha m'khosi. Athu anali ndi zobiriwira. Palibe amene anawauza kanthu koma pofika Lachitatu anali atadziwa kale tanthauzo la mitunduyo, ndipo ndinayamba kuona ena akulowetsa chingwe mkati mwa tisheti akamalowa mu kafeteriya. Ankakhala pakona imodzi pafupi ndi potayira mbale. Ana olipira aja sanali oipa ayi, sanatukwane munthu, ankangoyenda ngati malowo ndi a bambo awo, kufunsa pulofesa funso akutafuna, kugona pa kapinga nsapato atavula. Athu ankapempha chilolezo ngakhale chokatenga foloko ina.

Usiku wachitatu, magetsi titazimitsa 11 koloko, ndikuyendera khonde ndinamva munthu akufwenthera pa masitepe. Kupita ndinapeza ndi chimnyamata cha m'chipinda 209, chachitali kundiposa, chosewera mpira wa chimereka uja wogundana, chakhala pansi mutu uli m'mawondo. Mawu anali atafika kale pakamwa, aja amene tonse tinauzidwa, akuti mwamuna salira, ndipo chimene chinandigwira si nzeru ayi koma lamulo la munthu wachitatu lija, ndinayenera kuyamba ndaitana mnzanga wa pa nsanjika ina. Pamene ankabwera mkwiyo wanga unali utazizira. Tinangokhala naye. Patapita nthawi ndi pamene anayamba kulankhula, ndipo nkhani sinali yosowa amayi ngati khanda. Amayi ake amagwira ntchito usiku ku fakitale, ndipo iyeyo ndi amene amaphikira azichemwali ake awiri aang'ono, kuwagoneka, kuwadzutsa. Madzulo amenewo wamng'onoyo anamuimbira foni kumufunsa kuti sitovu amayatsa bwanji. Ndiye iye ali apa wakhuta pitsa, ali ndi bedi lakelake, mphepo yozizira ikutuluka pakhoma, ndipo zonsezo zikumuwawa ngati waba.

Ndinabwerera kuchipinda kwanga osagona. Ndinakumbukira kuti inenso temu yoyamba ndinkalira, nditaluma bulangete kuti wa bedi lapamwamba asamve, ndikuganiza kuti mbuzi akuzitsekera ndani poti ine kulibe. Zaka zonsezi ndinali nditaifufuta nkhani imeneyo, ndikamakamba za kusekondale ndinkangokamba za nyemba ndi zibalo ngati msilikali wopuma.

Tsopano za mnyamata wa 214. Uyu anali wachete, wochepa thupi, dzina lake lomaliza la ku Congo, ndipo masiku oyambirira sindinamulabadire kwenikweni kupatula kuona kuti bedi lake linali loyalidwa bwino kuposa onse ndipo khadi lake lotsegulira chitseko ankaligwiragwira nthawi zonse ngati lingathawe. Loweruka lina m'mawa ndinali pa khonde ndikuyankhula ndi mayi pa WhatsApp, kwathu nkuti ali masana poti timasiyana maola 6, tikukambirana za mtengo wa feteleza ndi za msuweni wina amene wathawitsa mwana wa eni ake. Nditadula ndinangomva kumbuyo kwanga, "Achimwene, ndinu a ku Malawi eti?"

Foni inatsala pang'ono kugwa. Chichewa chake chinali cha pakati penipeni, cha ku Dowa, chokoka bwinobwino. Ndimvekere iwe, Chichewa wachitenga kuti? Akuti ndinabadwira ku Dzaleka.

Amene simukudziwa, Dzaleka ili ku Dowa, inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, ndipo kuyambira 1994 ndi kampu ya anthu othawa nkhondo, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 pano muli oposa 50,000. Ine ndinadutsapo kambirimbiri cha kumeneko ndili pa minibasi, ndipo ngati Amalawi ambiri ndinkangoti kwa Maburundi, osaganizapo kawiri. Mnyamatayu anakhala mmenemo zaka 13 asanawatengere ku America. Chiswahili cha kunyumba, Chifalansa cha kutchalitchi, Chichewa cha ku mpira ndi kumsika, Chingerezi chachinayi, koma pa fomu ya sukulu analembedwa ngati mwana wovutika chinenero. Anandiuza kuti chibadwire sanagonepo pa bedi la yekha. Ku kampu ankagona anayi pa mphasa ndi matiresi amodzi, ndipo ngakhale ku apatimenti kwawo ku Indiana ankagona ndi mng'ono wake. Kiyi wa chitseko choti iyeyo atseke yekha ndi kutsegula yekha, aka kanali koyamba. Hositelo imene ine ndinkaiona ngati yofewetsa ana, ndipo wa 209 ankaiona ngati mlandu, kwa uyu inali nyumba ya bwana. "Usiku ndimadzuka nkungotambasula miyendo mbali zonse," anatero akuseka, "palibe amene akundikankha."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka achimwene, ndipo anzake aja anatengera osadziwa tanthauzo, nsanjika yonse kumangoti achimwene, achimwene, mpaka bwana wathu wa pulogalamu anandifunsa ngati limeneli ndi dzina langa lenileni.

Ndiye kunabwera nkhani ya nsima, imene mlandu wake ndi wanga ndekha. Sabata yachinayi mnyamata uja anandiuza kuti pitsa yamukwana, thupi likufuna nsima. Inenso chimodzimodzi. Pansi pa hositelo panali kakhitchini, ndinapempha chilolezo ndipo anandilola bola pakhale wamkulu wina komanso pasapezeke mtedza. Ufa woyera ndinagula ku shopu ya zakudya za ku Africa, usipa anandigawira mnzanga wa ku South Bend kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, mthiko ndinali nawo kale chifukwa Mmalawi sakwera ndege opanda mthiko. Tinasonkhana anthu ngati 8. Mnzake wa m'chipinda, amene makolo ake ndi a ku Mexico, anaima pafupi ndi poto akuyang'ana ndikuvundula nkumati agogo ake amapanga zofanana ndi zimenezi koma amakulunga m'makoko a chimanga. Wina wa ku Fort Wayne, makolo ake a ku Burma, atanunkhiza usipa anangoti izi ndiye za kwathu. Zonse zinkayenda bwino mpaka ndinaika usipa m'mafuta amene ndinawasiya pamoto nthawi yaitali ndikutanganidwa ndi nsima. Utsi unangoti tolo. Sipanathe ndi mphindi imodzi alamu inayamba kulira nyumba yonse, magetsi akuphethira m'makonde, ndipo alamu ya hositelo sungaizimitse ndi kaswichi ayi, imakaitana yokha ozimitsa moto.

Anthu onse panja. Athu, ana olipira aja a zingwe zofiira, a kampu ya kusambira ena atavala matawulo okha, atsikana a mbali ina atakulunga tsitsi m'maduku ogonera, magalimoto awiri ozimitsa moto nkufika ndi masaireni. Ine ndaima poteropo ndi mthiko m'manja, ndinaiwala kuusiya. Bambo wina wozimitsa moto anatuluka atanyamula felempani yanga patali ngati wanyamula khoswe wakufa nkufunsa kuti mwini wake wa tinsomba iti ndani. Ana anga anaseka mpaka ena kugona pa kapinga. Mawa lake ndinalemba lipoti ndipo ndinalandira chenjezo, zoyenera. Koma usiku umenewo tikudikira kuti atilole kulowa, wa 214 anali atathawitsa poto wa nsima pansi pa tisheti, osaopa kupsa, ndipo tinakhala pa kapinga paja nkumadya ndi manja, ndiwo zake sosi wa tomato wa m'timapaketi amene wina anali naye m'thumba. Ziphaniphani zili waliwali paliponse, kumeneko zimachuluka kwambiri mu July. Ana awiri a zingwe zofiira anabwera kudzafunsa kuti mukudya chiyani, ndipo ndinaona mnyamata wa ku Dzaleka uja, amene sabata zitatu zapitazo ankabisa chingwe chake, akuphunzitsa mwana wa dokotala kukunga mbamu, akumuuza kuti ayi osati choncho, ukuifinya ngati ndi sopo. Sindikunena kuti kuyambira pamenepo anakhala pa ubale wa ponda apa nane ndipondepo, ku kafeteriya aliyense anabwerera pakona pake. Kungoti athu aja anayamba kukhala pa kapinga madzulo, nsapato atavula.

Zina zonse zinali za masiku onse. Kuchapa Lamlungu, kumene ndinapeza kuti theka la anyamata anga silinagwirepo makina ochapira ndipo wina anasandutsa matisheti ake onse oyera kukhala apinki, pamene wa 214 ankachapa masokosi pamanja mu sinki nkumayanika pa mpando chifukwa ankati makina samachotsa litsiro. Kulanda mafoni nthawi ya pulepu, nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Zibwenzi zoyamba Lolemba nkutha Lachinayi, ine nkumanyamula uthenga wa misozi. Saireni ya chimphepo cha tonedo imene inatitsitsira tonse kuchipinda chapansi usiku wina, tikuyembekezera mphepo imene sinabwere. Ulendo wokaona makoleji ena, basi ikudutsa m'minda ya chimanga yosaoneka mathero, ine ndi wa 214 tili pa zenera kuwerengera kuti apa pangatuluke ngolo zingati, kenako dalaivala nkutiuza kuti chambiri mwa chimenechi ndi cha ziweto ndi chopangira mafuta a galimoto, tonse awiri nkungoti ziii.

Wa 209 sanamalize masabata onse. Sabata yachisanu azakhali ake amene ankathandiza kuyang'anira ana aja anapeza ntchito, ndipo iye analongedza. A pulogalamu anayesetsa, anamulola kuti azibwera masana okha, anabwera masiku atatu kenako osaonekanso. Fani yake anasiyira mnzake uja amene ankati imamupatsa chimfine.

Tsiku lotseka kunali kamwambo, masatifiketi, zithunzi, makolo atavala za kutchalitchi. Ntchito yanga inali kuyendera chipinda chilichonse, kuona ngati sanaboole khoma, ndi kulandira makadi a zitseko chifukwa losabwezedwa limalipitsidwa. Nditafika pa 214 ndinapeza mayi ake atakhala pa bedi paja, avala chitenje ndi duku, akusisita matiresi ndi dzanja. Ndinagwada pang'ono powapatsa moni, iwo nkundigwira dzanja ndi manja awiri. "Achimwene, zikomo potisungira mwana," Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chiswahili, kenako anatulutsa m'chikwama kontena ya chigwada chophika ndi mafuta ofiira aja, chimene iwo amati sombe, ikadali yofunda, akuti mwanayu anawauza kuti ndinapsereza ndiwo.

Mnyamata uja anavula chingwe m'khosi, nkuyamba kulimbana ndi kachitsulo kochotsera khadi, zala zikuchita ngati zaiwala ntchito. Anandipatsa khadi. Kenako anafunsa ngati chingwecho nachonso chikufunika kubwezedwa. Ndinayang'ana pa fomu yanga, panalembedwa khadi lokha. Ndimvekere tenga. Anachivalanso, chopanda kanthu kumapeto, kunja kwa tisheti, nkunyamula chikwama cha mayi ake kutsika nacho masitepe.